Mapasa, nsima imodzi, matupi awiri: mavairasi amene amalamulira m'mimba mwathu

Taganizirani ana awiri amapasa. Mayi mmodzi, nyumba imodzi, phala la mumphika umodzi, madzi a pachitsime chimodzi. Koma pofika chaka chachiwiri, mmodzi akukula bwinobwino, pamene mnzakeyo miyendo yatupa, tsitsi lafiira, wagwidwa ndi matenda otupikana aja achipatala amati kwashiorkor. Chakudya n'chimodzi. Nanga kusiyanaku kukuchokera kuti?

Funso limeneli si longopeka ayi. Linafufuzidwa kuno kwathu komwe, ndipo ena mwa ofufuzawo anali a ku College of Medicine mu Blantyre muno, sukulu imene kuyambira 2021 ili pansi pa KUHeS. Mwina mukudabwa kuti mphunzitsi wa Physics ngati ine ndikufunanji m'nkhani za m'mimba. Yankho ndi lakuti chakudya ndi mphamvu, ndipo mphamvu timaiyeza m'ma joule. Ngati matupi awiri alandira ma joule ofanana koma limodzi likufota, ndiye kuti pali china chikuchitika panjira. Tiyeni tiitsate njirayo.

Mzinda wa m'matumbo

Thupi la munthu wamkulu limasunga mabakiteriya pafupifupi 38 thililiyoni, ambiri mwa iwo m'matumbo aakulu. Musaope, ochuluka si adani. Ndi antchito. Mukadya nsima ya mgaiwa, nyemba kapena bonongwe, mumakhala timinyewa tina timene mimba yanu payokha singathe kugaya. Mabakiteriyawa ndiwo amatiphwanya, n'kutulutsa tima asidi timene timadyetsa khoma la matumbo ndi kuthandiza thupi kusamala shuga ndi mafuta. Ntchito yonse yosandutsa chakudya kukhala mphamvu ndi mnofu, asayansi amaitchula kuti metabolism.

Tsono mabakiteriya nawonso ali ndi owavutitsa awo. Alipo mavairasi amene sagwira munthu, sagwira nkhuku, sagwira chimanga. Amangogwira mabakiteriya basi. Dzina lawo ndi bacteriophage, kutanthauza kuti wodya mabakiteriya, ndipo mwachidule timangoti phage. Frederick Twort anaona ntchito yawo ku London mu 1915, ndipo Félix d'Hérelle anawatulukiranso payekha ku Paris mu 1917 n'kuwapatsa dzinali.

Apa ndiye pali Physics

Onse awiriwa sanawaone ma phage ndi maso, ngakhale pa maikulosikopu. Chifukwa chake ena a inu mukuchidziwa kale. Mafunde a kuwala kumene timaona amatalika pakati pa ma nanomita 400 ndi 700, pamene phage wotchuka wotchedwa T4 ndi wa ma nanomita pafupifupi 200 okha, ndipo ambiri ndi ang'ono kuposa pamenepo. Chinthu chochepa chonchi kuwala sikungachionetse bwino. Zinatengera maikulosikopu yogwiritsa ntchito ma electron kuti mu 1940 anthu ayambe kuwaona, ndipo pambuyo pake anaona bwino maonekedwe awo: kamutu, kamchira, ndi timiyendo.

Kuti mumvetse kukula kwake, tiyerekeze kuti bakiteriya wa E. coli ndi minibasi ya Limbe–Blantyre. Phage angakhale ngati chigubu cha madzi chimene chaikidwa padenga pake. Koma chigubu chimenechi n'choopsa. M'kamutu muja DNA imapanikizidwa zolimba, moti mwa ma phage ena mphamvu yokankha imaposa kakhumi mpweya wa m'tayala la galimoto. Phage akatera pa bakiteriya woyenera, amaboola, DNA ija n'kulowa. Bakiteriyayo amasiya ntchito zake n'kuyamba kupanga ma phage atsopano. Ola lisanathe amaphulika, ana a phage oposa 100 n'kumwazika kukasaka ena.

Ma phage ena ndi ochenjera kuposa apa. Salowa n'kupha, amalowa n'kubisala mu DNA ya bakiteriya, n'kumusintha khalidwe. Mukukumbukira Januware wa 2023, pamene sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera? Bakiteriya wa kolera amatha kupanga poizoni wotsegula m'mimba uja chifukwa cha malangizo amene anabwera ndi phage wobisala mwa iye. Matthew Waldor ndi John Mekalanos anaonetsa zimenezi mu 1996. Ndiye mukuona: phage amasankha bakiteriya woti afe, woti achuluke, ngakhalenso woti alusa.

Tibwerere kwa mapasa aja

Ofufuza a ku College of Medicine, pamodzi ndi Mark Manary ndi Jeffrey Gordon a ku Washington University mumzinda wa St. Louis ku America, anatsatira mapasa 317 awiriawiri a m'midzi ya kuchigawo chakummwera m'zaka zawo zitatu zoyambirira. Zotsatira zinatuluka mu 2013. Pa mapasa 43 mwa 100 alionse, mwana mmodzi ananyentchera mnzake ali bwino. Ofufuzawo anatenga mabakiteriya a m'chimbudzi cha anawo n'kuwaika m'matumbo a mbewa zoleredwa popanda kachilombo kalikonse, n'kumazidyetsa chakudya chonga cha kumudzi kwathu. Mbewa zolandira mabakiteriya a mwana wotupikana zinaonda kwambiri. Apa zinaoneka kuti chakudya chosakwanira ndi mabakiteriya osokonekera zimagwirizana pofoola thupi.

Mu 2015, Alejandro Reyes ndi gulu lomwelo anayang'ana mavairasi. Anayerekeza mapasa 8 awiriawiri okula bwino ndi mapasa 12 amene mmodzi anali wonyentchera kwambiri. Mwa ana athanzi, mitundu ya mavairasi inkasintha mwadongosolo mwana akamakula, ngati mmene mumakwerera kuchoka Fomu 1 kupita Fomu 2. Mwa mapasa enawo dongosololi linali losokonekera, ndipo chodabwitsa n'chakuti linali losokonekera ngakhale mwa mwana wooneka wathanzi uja. Chiponde, chakudya cha mtedza chimene ana onyentchera amalandira kuchipatala, sichinabwezeretse dongosolo la mavairasiwo.

Mbali ina ya ndalama yomweyi

Metabolism ikasokonekera sikuti munthu amangoonda. Amathanso kunenepa mopitirira ndi kudwala shuga, matenda amene masiku ano tikuwamva kwa amalume ndi azakhali ku Ndirande, ku Chilomoni, ku Bangwe, osati kwa anthu a ku Namiwawa okha. Kodi ma phage alimonso? Mu 2020, ofufuza a ku University of Copenhagen anasefa mavairasi a m'matumbo a mbewa zowonda n'kuwapereka kwa mbewa zodyetsedwa mafuta ambiri. Mbewazo zinachepetsa kunenepa, ndipo matupi awo anayamba kusamala shuga bwino. Mu 2022, kafukufuku wa ku Amsterdam anapeza kuti anthu amene ali ndi mavuto ophatikizana a kunenepa pamimba, shuga wokwera ndi kuthamanga kwa magazi ali ndi mitundu yochepa ya ma phage poyerekeza ndi anthu athanzi.

Koma apa tsikani nayo pang'ono liwiro. Maambulera akachuluka mumsika wa Limbe, matope amachulukanso, koma si ambulera amene amabweretsa matope. Ndi mvula. Zinthu ziwiri kupezeka pamodzi sizitanthauza kuti china chayambitsa chinzake, ndipo ofufuza a mapasa aja ananena okha kuti mavairasiwo akhoza kukhala chizindikiro chabe. Komanso mbewa si munthu. Choncho wina akadzakuuzani pa WhatsApp kuti akugulitsa mankhwala a ma phage ochiza shuga, sungani ndalama zanu.

Zimene mungachite lero n'zapafupi. Musamagule mankhwala ngati amoxicillin popanda kulemberedwa ndi achipatala, chifukwa amasesa mabakiteriya oipa ndi abwino omwe, ndipo ma phage odalira iwowo amasokonekera nawo. Mgaiwa, nyemba, nandolo ndi masamba musazione ngati zakudya za osauka. Ndi zimene antchito a m'matumbo aja amadya. Ndipo mukaona mwana kwanu watupa mapazi, uzani makolo athamange naye kuchipatala. Chiponde chimapulumutsa moyo ngakhale sichikonza zonse, ndipo ku Queens kuli wodi ya Moyo imene ntchito yake ndi yosamalira ana otere.

Pomaliza, ntchito yakunyumba. Tengani rula yanu muyang'ane kampata ka milimita imodzi. Ngati milimita ili ndi ma nanomita 1,000,000, ndi ma phage angati a T4 amene angandande m'kampata kameneko? Nanga mabakiteriya a E. coli, aliyense wa ma nanomita 2,000? Kakyuleta ikhale kaye m'chikwama.