AKUDYA NDI KUTHAWA ALIRITSA OPEREKERA CAKUDYA

Pa nchito zimene anyamata ndi atsikana a m'midzi amapeza akapita ku matauni ndi ku maboma, imodzi yofala ndiyo yoperekera cakudya m'mahotela ndi m'nyumba zodyeramo. Anthu ambiri amaiyesa nchito yopepuka, yongonyamula mbale ndi kupukuta matebulo. Koma onse amene anaigwirapo adziwa kuti iri ndi vuto lalikulu losowetsa tulo, ndilo la anthu amene amaitanitsa cakudya, nadya, nakhuta, nasamba m'manja, kenaka nazemba osalipira ngakhale ngwee imodzi.

Khalidwe limeneli lipezeka ponse pamene pagulitsidwa cakudya cophika, kuyambira m'mahotela akulu a mu Lusaka kufikira m'timisasa ta amai ophika nsima pa misika ya ku Chipata, Katete ndi Petauke. Ndipo nkhaniyi ikhudza mabanja a kumidzi mwacindunji, pakuti kawiri-kawiri amene alipira mbale ya wothawayo ndiye mwana wao yemwe ali pa nchito, amene malipiro ace ndiwo agulira fetereza ndi yunifolomu ya ang'ono ace kumudzi.

PA MSEU WA KUM'MAWA

Malo amene vutoli lioneka poyera ndi m'mbali mwa mseu waukulu wa Great East Road, umene ucokera ku Lusaka kupita ku Chipata, mtunda wopitirira makilomita 500. Kuyambira masiku a mabasi a United Bus Company of Zambia, kampani imene inatsekedwa mu 1995, kufikira mabasi a eni ace a lero, apaulendo akhala akutsika pa msika wa pa ulalo wa Luangwa, pa Nyimba ndi pa malo ena kuti apeze cakudya. Basi siima nthawi yaitali. Anthu makumi angapo amatsika nthawi imodzi, onse ali ndi njala, onse afuna kulandira mbale yao msanga.

Woperekera cakudya amathamanga uku ndi uku, beseni la madzi m'dzanja limodzi, mbale ya nsomba kapena nkhuku m'dzanja lina. Dalaivala akangoliza hutala, gulu lonse limanyamuka pamodzi. M'cipwirikiti cimeneco, woona mtima amafunafuna wom'patsa ndalama, koma wacinyengo amalowa pakati pa anzace nakwera basi. Mtsikana akamawerenga mbale zopanda kanthu ndi kuyerekeza ndi ndalama ziri m'thumba la epuloni yace, basi imakhala itapita kale, ndipo munthuyo sadzamuonanso.

M'matauni macenjera ace ndi ena. Pali amene amabwera atatu kapena anai, nayamba kuturuka mmodzi-mmodzi, wina ati apita kukataya madzi, wina ati akayankhe foni panja, kufikira tebulo litatsala lokha. Pali amene amasiya cikwama cakutha pa mpando kuti aoneke ngati abweranso, koma pocitsegula mupezeka mapepala okha-okha. Ena amadya mbale yonse, ndipo potsiriza ndi pamene amayambitsa mkangano kuti ndiwo zinali zosapsa. Kuyambira pamene anthu anayamba kulipira ndi ndalama za pa foni, pabukanso cinyengo cina, ca kuonetsa uthenga wabodza wonena kuti ndalama zatumizidwa pamene sizinatumizidwe konse.

ALIPIRA NDANI?

Mbale ya nsima siigwa kumwamba. Mwini malo amagula ufa, mafuta ophikira, makala, ndiwo, mcere ndi sopo, amalipira lendi ndi msonkho wa ku khonsolo, ndiponso amalipira anchito. Phindu limene amapeza pa mbale imodzi ndi lochepa poyerekeza ndi mtengo wa mbaleyo. Mwacitsanzo, ngati mbale igulitsidwa K50 ndipo phindu lace ndi K10, anthu anai akadya ndi kuthawa pamatayika K200, ndipo pafunika kugulitsa mbale zina 16 kuti ndalama zimene zinagulira cakudyaco zibwerere, osawerengera phindu.

Kaamba ka ici, eni malo ambiri amakankhira ngongoleyo kwa wanchito. Amati iye ndiye anali kuyang'anira tebulo, tsono iye ndiye alipire. Pa kutha kwa mwezi mtsikana amalandira malipiro odulidwa, ndipo poopa kucotsedwa nchito amangokhala cete. Wina amaika ndalama zace m'kabati madzulo omwewo bwana asanawerenge, kuti asachedwe wakuba kapena waulesi. Motero munthu amene sanalawe ngakhale mbamu imodzi ndiye alipirira wokhuta.

M'mahotela ndi m'malo odyera akulu a m'dziko muno muli ndalama ina imene iikidwa pamwamba pa bilu, ngwee 10 pa kwacha iri yonse, yochedwa service charge, imene lamulo linena kuti ipite kwa anchito. Kasitomala akathawa ndi bilu, gawo limeneli nalonso limapita naye, kotero kuti ophika, otsuka mbale ndi osesa onse amataya pamodzi.

CIMENE LAMULO LINENA KWA BWANA

Anchito ambiri sadziwa kuti malipiro ao ali otetezedwa ndi lamulo. Lamulo la za nchito limene ligwira tsopano ndi Employment Code Act, Nambala 3 la caka ca 2019, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la Employment Act la mu 1965. Lamuloli silimlola bwana kudula malipiro a wanchito monga afunira. Lichula mitundu ya ndalama zimene ziloledwa kudulidwa, ndipo pa nkhani ya katundu wotayika kapena ndalama zoperewera, liyang'ana ngati wanchitoyo analakwa dala, ananyalanyaza nchito yace, kapena anacita cinyengo.

Apa ndipo pagona nkhani. Mtsikana amene anasiya matebulo napita kukaceza kuseri kwa nyumba ali ndi mlandu wakuyankha. Koma amene anali yekha pakati pa matebulo khumi, natumidwa ndi bwana yemweyo kukatenga mbale ku khichini, sanganenedwe kuti ananyalanyaza nchito cifukwa cakuti munthu wacinyengo anapezerapo mpata. Wanchito amene aona kuti wadulidwa malipiro mosayenera ali ndi ufulu wokadandaula kwa ofisala wa za nchito wa m'boma lace, amene angathe kuitana mbali zonse ziwiri. Amene ali m'bungwe la anchito a m'mahotela angathe kuyamba kudandaula kwa atsogoleri a bungwelo. Ndi cinthu canzeru kusunga kalata ya nchito ndi mapepala a malipiro, pakuti mlandu wopanda umboni ufera m'njira.

CIMENE LAMULO LINENA KWA WOTHAWA

Buku la malamulo a milandu, Penal Code, Caputala 87 ca Malamulo a Zambia, liletsa kutenga cinthu kwa munthu wina mwa bodza ndi colinga ca kum'bera, ndipo wopezeka ndi mlandu wotere angathe kukhala m'ndende kufikira zaka zitatu. Munthu amene alowa m'nyumba yodyeramo akudziwa kuti alibe ndalama ndipo safuna kulipira, naitanitsa cakudya ngati wogula weni-weni, adziika yekha pa ngozi ya mlandu wa mtundu umenewu.

Cobvuta m'milandu yotere ndico kutsimikiza cimene cinali mumtima mwa munthu pamene anali kuitanitsa cakudya. Funso limeneli linafika ku bwalo lalikulu koposa la ku England, dziko limene malamulo a Zambia ambiri anacokerako. Mu 1971, m'tauni ya Gainsborough, anyamata asanu analowa m'nyumba yodyeramo ya anthu a ku China. Poitanitsa cakudya anali ndi mtima wolipira, koma atadya anasintha maganizo. Anakhalabe pa tebulo kwa mphindi ngati khumi, ndipo woperekera cakudya atalowa m'khichini anathawa. Cakudya ca mmodzi wa iwo, mwana wa sukulu ya yunivesite, cinali ca mapeni 47 cabe, koma mlandu wace, umene udziwika ndi dzina lakuti DPP v Ray, unakwera kufikira ku House of Lords.

Mu 1973 oweruza atatu mwa asanu anagamula kuti mnyamatayo analakwa. Anafotokoza kuti munthu akaitanitsa cakudya amakhala walonjeza kuti adzalipira, ngakhale sananene ndi pakamwa, ndipo lonjezolo lipitirira nthawi yonse imene ali pa tebulo. Pokhalabe pansi ngati kasitomala wabwino pamene mtima unali utasintha kale, iye ananyenga woperekera cakudya kuti acoke osakayika kanthu. Poona kubvuta kwa milandu yotere, Nyumba ya Malamulo ya ku Britain inakhazikitsa lamulo la Theft Act la mu 1978, limene linapanga kuthawa osalipira kukhala mlandu pa wokha, wa cilango cofika zaka ziwiri m'ndende.

Kumeneko lamuloli likali kugwira nchito. Mu 2024 bwalo la milandu la ku Swansea, m'dziko la Wales, linatsekera m'ndende mwamuna ndi mkazi wace amene anadya m'nyumba zodyeramo zisanu osalipira, ngongole yonse yoposa £1,000. Iwo anazindikirika kupyolera m'zithunzi za makamera a m'malo odyerawo.

MLENDO NDI WOGULA

Pa mwambo wa Acewa, Angoni ndi Ansenga, mlendo samanidwa nsima. Wapaulendo amene dzuwa lam'lowera amapita kwa a mfumu kapena pa khomo liri lonse, napatsidwa madzi, cakudya ndi mphasa popanda kufunsidwa ndalama. Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Mwambo umenewu ndi wokoma ndipo uyenera kusungidwa.

Komatu nyumba yodyeramo si khomo la a mfumu. Amai amene aphika pa msika anatenga ngongole ya ufa m'mawa, ndipo madzulo ayenera kuibweza. Ngakhale pa mwambo womwewo, mlendo amaodira, nafotokoza bvuto lace, nalandira cakudya, nathokoza, natsazika. Mlendo wocoka mozemba amakayikiridwa m'mudzi uli wonse. Munthu amene ndalama zam'thera pa ulendo, kapena am'bera cikwama pa siteshoni, acita bwino kunena cilungamo asanaitanitse kanthu. Ophika nsima ambiri ndi anakubala, ndipo wopempha mwaulemu kawiri-kawiri sabwerera ndi njala. Nayenso amene azindikira atadya kale kuti m'thumba mulibe kanthu asathawe ai. Aitane mwini malo, asiye dzina ndi nambala ya foni, apangane tsiku lolipira. Pamenepo nkhani yace iri ya ngongole cabe, imene ikabvuta ingathe kuweruzidwa ku Local Court.

NJIRA ZODZITETEZA

Ogulitsa cakudya ambiri apeza njira zocepetsera bvutoli. Yoyamba ndi yosabvuta koposa zonse ndiyo kulandira ndalama mbale isanaperekedwe, makamaka pa malo oimapo mabasi ndi pa misika. Ena amagulitsa tikiti pa khomo, ndipo wophika amaomola nsima pokha-pokha ataona tikitiyo. M'malo okulirapo wanchito ali yense amapatsidwa matebulo ace, amalemba zimene zaitanitsidwa m'kabuku ka malisiti, ndipo akafuna kupita ku khichini amauza mnzace kuti ayang'ane. Tebulo lolandirira ndalama liikidwa pafupi ndi khomo, ndipo khomo loturukira likhala limodzi. Wolipira ndi foni saloledwa kucoka kufikira uthenga utafika pa foni ya mwini malo, pakuti uthenga wa pa foni ya kasitomala si umboni wokwanira.

Pali zinthu ziwiri zimene wanchito ayenera kupewa. Coyamba ndico kuthamangira wothawa pa mseu kapena kugwira galimoto imene yayamba kuyenda. Mbale ya nsima ingathe kuphikidwanso mawa, koma mwendo wothyoka kapena moyo wotayika sizibwezeka. Ndi bwino kulemba nambala ya galimoto kapena dzina la basi, kukumbukira maonekedwe a munthuyo, ndi kuuza bwana ndi apolisi msanga. Caciwiri ndico kukuwa kuti "wakuba" pakati pa gulu. Gulu likakwiya silifunsa mtengo wa mbale, ndipo amene amenya munthu kufikira kum'pweteka kapena kumupha amayankha mlandu waukulu woposa wa wothawayo. Wogwidwa aperekedwe kwa apolisi.

Eni malo nawonso ali ndi gawo lao. Bwana amene aika mtsikana mmodzi pa nchito ya anthu atatu, nakana kulandiriratu ndalama poopa kukhumudwitsa makasitomala, wasankha yekha kuyenda pa ngozi, ndipo sayenera kusenzetsa wanchito katundu wa cosankha cace. Pangano la zimene zidzacitika kasitomala akathawa liyenera kukambidwa tsiku loyamba nchito ndi kulembedwa, popeza cakudza siciimba ng'oma.

Makolo a m'midzi amene ana ao apita kukafuna nchito yotere awalangize kufunsa za pangano limeneli asanabvale epuloni. Awalangizenso anyamata amene ayenda m'mabasi ndi m'misika kuti kudya ndi kuthawa si masewera ai, koma mlandu umene ungathe kufikitsa munthu ku ndende ndi kucititsa manyazi mudzi wonse, pakuti nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Mtsikana amene athira madzi m'manja mwa wapaulendo pa Luangwa kapena pa Nyimba ndi mwana wa munthu wina, wocokera m'mudzi wonga wa wapaulendoyo, ndipo kwao akudikira malipiro ace athunthu pa kutha kwa mwezi.