COPONDERA CA MABULEKI CIKAYAMBA KULIRA

Munthu wogwira nchito pansi pa mgodi, ku Mufulira kapena ku Nkana, sasowa womuuza kuti paipi ya mphepo yabooka. Khutu lace linazolowera, ndipo akangomva "tsiii" mumdima adziwa kuti mphepo yoyendetsa makina obowolera mwala irikuthawa. Koma munthu yemweyo akaweruka, nalowa m'galimoto yace, namva "tsiii" wina pansi pamene aponda mabuleki, kawiri-kawiri sadziwa ngati galimoto yadwala kapena iri bwino. Ena acita mantha ndi phokoso lopanda bvuto, nakataya ndalama ku galaja. Ena anyozera phokoso loopsa, nanyamula banja lonse pa ulendo wa kumudzi. Kusiyanitsa kwace nkosabvuta, malinga munthu ayambe wadziwa cimene ciri kuseri kwa copondera.

Wotsegula boneti ya galimoto aona, ku mbali ya woyendetsa, cibekete cakuda cobulungira, conga mbale ziwiri zazikulu zobvundikirana. Camangidwa pa khoma la citsulo lolekanitsa injini ndi anthu okhala m'kati. Amakaniko acicha servo, ena ati busita. Kutsogolo kwace kuli master cylinder, ndiyo pampu yokankha mafuta a mabuleki kupita ku mawilo onse anai, ndipo kumbuyo kwace kwalowa ndodo yacitsulo yocokera ku copondera. Nchito ya servo ndiyo kuonjezera mphamvu pa mwendo wa munthu, pakuti ngakhale galimoto yaing'ono ilemera pafupi-fupi makilogalamu 1,000, ndipo kuiimitsa msanga ndi mwendo wokha ndi nchito ya thukuta.

Nanga mphamvuyo icokera kuti? Icokera ku mpweya wamba umene anthu apuma. Mpweya suoneka, komatu ulemera. M'mbali mwa nyanja yaikulu, monga ku Beira kapena ku Dar es Salaam, ukankha ndi mphamvu yonga ya kilogalamu imodzi pa kadanga ka sentimita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi, kadanga kosaposa cikhadabo. Anthu saumva cifukwa ukankha mbali zonse mofanana. Koma ukacotsedwa mbali imodzi, mphamvu yace ioneka pomwepo. Makolo anaidziwa nzeru imeneyi kale. Sing'anga polumika wodwala anali kuyamwa mpweya wa m'nyanga, natseka kabowo ndi phula, ndipo nyanga inakakamira pa khungu. Panalibe ulimbo wouimatira ai. Mpweya wa kunja ndiwo unali kuikanikiza.

M'kati mwa servo muli zipinda ziwiri zolekanitsidwa ndi mphira yaikulu yofewa, yotambalala ngati cikopa ca ng'oma. Injini ya petulo poyenda iyamwa mpweya kolimba, makamaka pamene woyendetsa wacotsa phazi pa copondera ca liwiro, ndipo paipi ya mphira, yonenepa ngati cala, ilumikiza poyamwira pa injinipo ndi servo. Pamene palibe woponda mabuleki, zipinda zonse ziwiri ziri zoyamwidwa mofanana, motero mphira ija ikhala cete pakati. Tsono phazi likaponda, ndodo iyamba yatseka kanjira kolumikiza zipindazo, nitsegula kakhomo kolowetsa mpweya wa kunja m'cipinda cakumbuyo cokha. Mpweyawo ukankha mphira kutsogolo, mphira nikankha pampu, pamodzi ndi mwendo wa munthu. Phazi likaima pakati, kakhomo katsekanso ndipo mphamvu iima pomwepo. Likaonjeza kuponda, mpweya wina ulowa. Likacoka, injini iyamwanso mpweya uja, sipuling'i nibweza mphira m'malo mwace.

Mphamvu yace si yamasewera. Mphira yotambalala masentimita 20 iri ndi timadanga tija 314. Injini siyamwa mpweya wonse, koma ngakhale kusiyana kwa zipinda ziwiri kukhale theka la kilogalamu pa kadanga kali konse, zonse pamodzi zikwana makilogalamu 157. Ndiko kunena kuti munthu akaponda kolimba, pali matumba atatu a simenti omthandiza kukankha. Mizinda ya Kitwe, Ndola ndi Lusaka iri pamtunda, mamita 1,200 kapena kuposa pamwamba pa nyanja yaikulu, ndipo mpweya wa kumeneko upepukirapo ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri. Cifukwa cace servo ya galimoto imene yatsika m'combo ku Dar es Salaam icepako mphamvu pang'ono pofika ku migodi, ngakhale kuti pa servo yabwino kusiyanako sikubvuta.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Albert Dewandre wa ku Belgium anapanga servo yotere m'zaka za m'ma 1920, ndipo sitima za pa njanji yocokera ku Livingstone kufika ku Ndola, m'masiku a Rhodesia Railways, zinali kuima ndi mabuleki oyendera kuyamwa mpweya. Injini ya dizilo siyamwa mokwanira, motero iri ndi kapampu kace koyamwira. Pa ma Toyota Hilux ndi Hiace akale a dizilo kapampuko kamangidwa pa alternator.

Tsono mpweya uja wolowa m'servo ulowera m'kati mwa galimoto, pamwamba peni-peni pa mapazi a woyendetsa, kupyola kasefa kofewa kozinga ndodo. Ndico cifukwa cace "fyuu" wamfupi amveka poponda, makamaka usiku pamene kunja kuli zii. Limeneli ndi phokoso la servo yamoyo. Kasefa kakakalamba phokoso likulirapo, koma mabuleki agwirabe monga kale. Cofunika kuchera khutu ndi kutalika kwace. Ngati phazi lakhazikika pa copondera osasuntha, ndipo "tsiii" apitirirabe osaleka, ndiye kuti mphira yang'ambika kapena kakhomo kaleka kutseka. Kawiri-kawiri injini nayo icitira umboni: poima pa mphambano injenjemera, nthawi zina nizima, popeza ilandira mpweya wosayembekezeka umene usungunula petulo. Copondera ciuma gwa, ndipo galimoto imene kale inaima pa mtunda waufupi iyamba kupitirira. Ngati phokoso licokera pansi pa boneti pamene palibe wokhudza copondera, woyamba kumkayikira ndiye paipi ya mphira ija, imene kutentha kwa injini kumaiumitsa ndi kuing'amba. Uwu ndi mwai, pakuti paipi igulidwa ndi ndalama zocepa.

Alipo maphokoso ena amene anthu anamizira servo cabe. "Kwii kwii" wa copondera poponda ndi pocotsa phazi ndiye kuuma kwa polumikizira pace, ndipo girizi pang'ono athetsa nkhani. Koma wopaka girizi ayang'anenso pini imene igwirizanitsa copondera ndi ndodo. Ngati imveka "go go" ndipo kawaya koigwira kathyoka, galimoto isacoke pakhomo, pakuti pini ikagwa copondera cipita pansi copanda kanthu. Magalimoto okhala ndi ABS, cipangizo cimene Bosch ndi Mercedes-Benz anayamba kugulitsa mu 1978, ali ndi khalidwe lina loopsa mlendo: woyendetsa akaponda mwadzidzidzi pa mseu wa miyala kapena wa mvula, copondera cinjenjemera pansi pa phazi ndi kulira "drrr". Sicinathyoke ai, cirikuletsa mawilo kukhukhuluzika, ndipo phazi liyenera kukhala pomwepo osacoka. Pa magalimoto ena a hybrid ocokera ku Japan mulibe servo ya mtundu uwu. Muli kapampu ka magetsi kamene kang'ung'udza kanthawi munthu akangotsegula citseko. Kulira kwa citsulo pa citsulo, kocokera ku mawilo, ndiyo nkhani ya mapadi otha.

Mwini galimoto angathe kuiyesa servo pakhomo pace wopanda sipanala. Injini iri cizimire, aponde mabuleki kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kufikira copondera cauma. Asacotse phazi, alize injini. Servo ikakhala yabwino, copondera citsika pang'ono cokha pansi pa phazi. Cikapanda kusuntha, servo sirikuthandiza konse. Kuyesa kwaciwiri nkotere: aisiye injini iyende kanthawi, aizime, adikire mphindi zingapo, napondenso. Kuponda koyamba kuyenera kukhala kofewa, kwaciwiri kolimbirapo, kwacitatu kouma. Ngati cauma pa kuponda koyamba komwe, mpweya ulowa pena pace, kapena kavalavu ka pa paipi, kamene kalola mpweya kutuluka koma osabwerera, kafa. Copondera cofewa ngati buledi, cofuna kupopa kawiri, ndi nthenda yina: mpweya walowa m'mafuta a mabuleki, kapena mafutawo adontha.

Pa nkhani ya kudonthayi pali cinthu cimene cisokoneza ambiri. Mafuta a mabuleki acepa sabata ndi sabata, koma pansi pa galimoto pali pouma. Mafutawo angathe kutayikira kumbuyo kwa master cylinder ndi kulowa m'servo, kumene aononga mphira, ndipo ena injini iwayamwa nitulutsa utsi woyera. Pamenepo kusintha servo yokha ndi kutaya ndalama, pakuti yatsopanoyo idzamwanso mafuta omwewo. Ndiponso cibeketeco si cotsegula pansi pa mtengo ndi nyundo. Sipuling'i ya m'kati mwace iri ndi mphamvu yobvulaza nkhope ya munthu.

Kuyesa kwaciwiri kuja kuonetsa cinthu cimene woyendetsa ali yense ayenera kucisunga mumtima: injini ikazima, servo itsala ndi thandizo la kuponda kuwiri kapena kutatu basi. Alipo madalaivala amene, pofuna kusunga petulo, azima injini pa citsikiro ndi kuilola galimoto kutsika yokha. Pa mseu wa ku Chipata, m'mapiri otsikira ku mlatho wa Luangwa, makhota ndi ocuruka koposa atatu. Pa khota loyamba mabuleki agwira bwino, pa laciwiri agwirabe, ndipo pa lacinai munthu apeza copondera cauma ngati mwala, galimoto yodzala ana ndi katundu iri pa liwiro. Petulo wopulumutsidwa pamenepo ngwocepa ndithu. Cimodzi-modzi galimoto yakufa injini yokokedwa ndi cingwe: wokhala pa ciongolero cace adziwe kuti alibe servo, ndipo wokokayo ayende pang'ono-pang'ono.

Servo ikafa pa ulendo, mabuleki sanathe. Ndodo ija ipyola pakati pa cibekete kufika ku pampu, kotero kuti mwendo wokha ungathe kuimitsa galimoto. Ambiri pomva kuuma kwa copondera aganiza kuti cafika pothera, naleka kukankha. Woyendetsa atsamire msana pa mpando, akankhe ndi mphamvu yace yonse, atsitse magiya limodzi-limodzi kuti injini ithandize kugwira, nakoke handibuleki pang'ono-pang'ono, osati mwadzidzidzi. Akaima, ayambe wayang'ana ngati paipi ya mphira siinazuke pa malo pace, pakuti nthawi zina bvuto lonse ndi lomwelo, ndipo ibwezedwa ndi manja.