Kabowo kobiriwira komwe kamadyetsa kasino

Mukaima pa tebulo la roulette, maso amathamangira pa manambala ofiira ndi akuda. Koma phindu la mwini kasino lagona pa kabowo kamodzi kobiriwira, ka nambala 0.

Gudumu la ku Ulaya lili ndi timabowo 37: nambala 1 mpaka 36, kuphatikizapo 0. Mukabetcha K1,000 pa nambala imodzi n'kupambana, amakupatsani K35,000 n'kukubwezeraninso K1,000 yanu ija. Zomveka zokoma, eti? Tiyeni tiwerengetsere. Mukabetcha maulendo 37 mwatulutsa K37,000, ndipo mwa masamu kampira kayenera kugwera pa nambala yanu kamodzi. M'thumba mwabwerera K36,000. K1,000 yosowayo ndi ya kasino, yomwe ndi 2.7 peresenti ya zonse mwabetcha. Gudumu la ku America lili ndi 0 komanso 00, choncho amakudulani 5.26 peresenti.

Chomwe ambiri sachiona n'chakuti 2.7 peresentiyo saitenga pa ndalama zomwe mwabwera nazo, koma pa ndalama iliyonse yodutsa patebulo. Mutalowa ndi K20,000 n'kumabweza zomwe mwapambana mpaka mwabetcha K1,000 maulendo 200, ndiye kuti mwadutsitsa K200,000. Yembekezerani kuluza pafupifupi K5,400.

Usiku umodzi mutha kupambana ndithu, n'chifukwa chake anthu amabwererako. Koma kasino satchova usiku umodzi. Katswiri wa masamu Jacob Bernoulli, m'buku lomwe linatuluka mu 1713, anasonyeza kuti chinthu chikabwerezedwa kambirimbiri, zotsatira zake zimayandikira zomwe masamu akunena. Inu mumabetcha maulendo ochepa. Gudumu limazungulira chaka chonse.

Gudumulo lilibenso chikumbumtima kapena ngongole ndi munthu. Ku Monte Carlo mu 1913 kampira kanagwera pakuda maulendo 26 motsatizana, anthu akuunjika ndalama pofiira poganiza kuti nthawi yake yakwana. Ulendo uliwonse mwayi wa pofiira unali womwewo: 18 pa 37.

Mwina munamvapo za njira yoti mukaluza muziwirikiza kawiri zomwe mwabetcha mpaka mutapambana. Yambani ndi K1,000. Mukaluza maulendo 10 otsatizana mwataya K1,023,000, ndipo ulendo wotsatira ukufuna K1,024,000, zonsezo kuti mupindule K1,000 yokha. Musanafike n'komwe pamenepo, thumba limakhala lauma kapena mwagunda malire a ndalama zomwe tebulolo limalola kubetcha.