Musanatsegule buku lililonse, funsani index

Komiti ya parishi ikafuna kulemba mbiri ya chalichi cawo pa cikondwerero ca jubili, imayamba bwino: kufunsa nkhalamba. Koma nkhalamba zimatsutsana pa zaka. Wina akuti madzi anagwetsa nyumba mu Kanyama asanamange chalichi, wina akuti ayi, pambuyo pake. Cigumula cija cinacitika mu 1978, ndipo cinalembedwa m'manyuzipepala amene asungidwa ku National Archives of Zambia, ku Ridgeway. Vuto ndi lakuti munthu wosadziwa poyambira atha kutha sabata yathunthu akutembenuza mapepala, ndalama ya basi nayo ikutha.

Apa ndipo pali nchito ya index. Index ndi mndandanda wa nkhani zimene zinatuluka m'magazini ndi m'majenala, woikidwa motsata mutu wa nkhani kapena dzina la wolemba. Umakuuzani dzina la magazini, caka, nambala yake ndi tsamba. Nkhaniyo simuipeza m'menemo ayi, mupezamo keyala yake cabe. Abstract ndi mnzake: cidule ca mizere yocepa conena zimene wolemba anafufuza ndi zimene anapeza. Mukawerenga ciduleco mudziwiratu ngati nkhaniyo ndi yanu kapena muisiye.

Ambiri aganiza kuti za makomboni athu palibe analembapo. Si zoona. Ann Schlyter wa ku Sweden anatsatira moyo wa mu George kwa zaka zambiri, ndipo Karen Tranberg Hansen analemba za mabanja a mu Mtendere. Nchito yokonza George ndi Chawama, imene inayamba mu 1974 ndi ngongole ya World Bank, inalembedwanso kwambiri. Zotere muzifune ku laibulale ya University of Zambia, pafupi pomwepa ndi Kalingalinga. Koma samalani ndi mau ofunira. Mukalemba "George" cabe, kompyuta idzakupatsani mafumu a ku England. Onjezani "Lusaka" ndi "squatter", pakuti ndilo dzina limene olemba a nthawiyo anali kutichula nalo, ngakhale kuti limawawa.

Kwa alimi nkhaniyi ikhudza nkhokwe. Pamene mbozi za fall armyworm zinalowa m'cimanga cathu kumapeto kwa 2016, aliyense anali ndi mankhwala ake: wina phulusa, wina mcenga, wina sopo wocapira. Komatu mbozi imeneyi inacokera ku America, kumene akatswiri anali ataifufuza kale kwa zaka zambiri. Bungwe la FAO liri ndi mndandanda wa nkhani za ulimi wochedwa AGRIS, umene unayamba mu 1975, ndipo pa intaneti ndi waulere. Funani ndi dzina la sayansi, Spodoptera frugiperda, cifukwa dzina lakumudzi silipezekamo. Zidulezo ziri m'Cingerezi colimba, conco tengani mwana wa sekondale akuthandizeni, ndipo zimene mwapeza mukazionetse kwa mlangizi wa ulimi musanathire kanthu m'munda. Cimene cinagwira nchito ku Brazil sicingagwire cimodzimodzi ku Chongwe.

Popita, nyamulani kope ndi colembera. Lembani zonse zinayi: wolemba, magazini, caka, tsamba. Ine ndinaiwalapo tsamba, ndipo ndinalipira basi kawiri kukafuna ndime imodzi. Ndipo musacite manyazi kufunsa wa pa desiki. Index zina zakale ziri m'makabati a makadi, amene iye yekha ndiye adziwa pamene ali.