WAPAMPANDO WODZIWA KUDIKIRA

Pafupifupi tonsefe timakhala pa misonkhano. Ena a ife tili m'komiti ya sukulu, ena m'bungwe la amai, ena m'gulu la achinyamata, ndipo palibe banja limene silikhalirana pansi pakagwa maliro kapena pakabwera nkhani ya ukwati. Posankha wapampando kawirikawiri timafuna munthu wodziwa kulankhula. Koma udindo umenewu uli ndi mbali ina imene sitiiganizira, ndiyo kudziwa kukhala chete ndi kudikira.

Taonani m'mene misonkhano yambiri imayendera. Wapampando afotokoza za kumanga nyumba ya mphunzitsi, nafunsa kuti, "Kodi alipo amene ali ndi maganizo ena?" Asanapume nkomwe anena, "Palibe, ndiye kuti tagwirizana." Mlembi alemba, anthu aomba m'manja. Tsiku loumba njerwa likafika, abwera anthu owerengeka okha. Otsalawo sanakane, komanso sanavomere. Nkhani inatsekedwa iwo akali kuganiza, ndipo mau amene akadanena pamsonkhano anakawanenera m'njira pobwerera kwao.

Kodi wofunsa funso amadikira nthawi yotalika bwanji? Mai wina wa ku America, Mary Budd Rowe, amene anali katswiri wa kaphunzitsidwe ka sayansi, anafufuza zimenezi m'makalasi. Iye anajambula mau a aphunzitsi ndi ana pa tepi, nayeza kutalika kwa chete wa pakati pa funso ndi yankho. M'chaka cha 1972 anafotokoza zimene anapeza: aphunzitsi ambiri ankadikira sekondi imodzi yokha, kenaka nkubwereza funso, kuloza mwana wina, kapena kudziyankha okha. Aphunzitsiwo ataphunzira kudikira masekondi 3 kapena kupitirirapo, mayankho a ana anatalika, onena kuti "sindidziwa" anachepa, ndipo ana amene ankayesedwa ogona anayamba kukweza manja. Anapezanso kuti kudikira kumafunika kawiri: funso likafunsidwa, ndiponso mwana akatha kuyankha, pakuti nthawi zambiri amakhala atangopumira, mau akadali nao.

Ngati zili chomwecho ndi ana pamaso pa mphunzitsi wao, nanga bwanji mai wamasiye kapena mnyamata amene afuna kutsutsa maganizo a akuluakulu? Iye ayenera kuyamba wasankha mau aulemu ndi kulimba mtima asanaimirire. Olongolola safuna nthawi imeneyi, koma ofatsa amaifuna. Motero wapampando wofulumira amamva anthu omweomwewo pa msonkhano uliwonse, nkumayesa kuti wamva onse.

Nzeru ya kudikira si ya m'kalasi mokha ai. Mabwalo a mafumu a muno mu Africa anaidziwa kale. Nelson Mandela, amene anakhala Pulezidenti wa South Africa m'chaka cha 1994, anakulira ku Mqhekezweni pakhomo pa Jongintaba Dalindyebo, amene ankagwirizira ufumu wa mtundu wa Athembu. M'buku la mbiri ya moyo wake, Long Walk to Freedom, akusimba kuti mfumuyo inkatsegula msonkhano pothokoza anthu ndi kunena chimene yawaitanira, kenaka inkakhala duu kufikira kumapeto. Amuna ankalankhula mmodzimmodzi, ena mpaka kuidzudzula mfumu yomweyo, iyo osadziteteza. Onse atatha, inkasonkhanitsa maganizo ao ndi kufunafuna mfundo imene onse angaivomere, ndipo akalephera kumvana ankaitanitsa msonkhano wina. Mandela ananena kuti anatsata njira imeneyi pa utsogoleri wake. Chosowa pa bwalo lija chinali chakuti akazi analibe liu. Ife lero tiyenera kutenga kudekha kwake, ndi kuonjezapo amai ndi achinyamata.

Tsono tichenjere, pakuti chete ali wamitundumitundu. Pali chete wa munthu amene akusinkhasinkha, pali chete wa mantha, ndiponso pali chete wa mkwiyo. Anthu akawerama nkumalemba pansi ndi kamtengo, tisanene kuti avomera. Wapampando wanzeru amayang'ana nkhope. Akaona kuti anthu akuopa wamkulu wina amene walankhula kale, angathe kuwagawa m'timagulu ta anthu atatu kapena anai kuti akambirane paokha, pambuyo pake gulu lililonse lipereke maganizo ake. Asagwiritsenso chete ngati chikwapu, kumuyang'anitsitsa munthu wamanyazi kufikira atuluke thukuta. Kudikira kwabwino kumaitana, sikukakamiza.

Nanga tingayambe bwanji? Tikafunsa funso, tiwerenge chamumtima pang'onopang'ono kufikira 5 tisanatsegulenso pakamwa. Poyamba kamphindi kameneka kadzaoneka katali, ndipo tidzayesedwa kuti tikadzaze ndi mau athu, tipirire. Wina akatha kulankhula, tidikirenso pang'ono tisanaloze mnzake. Pa nkhani yaikulu, monga ya ndalama kapena yosankha atsogoleri, tiwauze anthu poyera kuti, "Tiyeni tikhale chete mphindi imodzi, yense aganize," kuti asayese kuti wapampando wasokonezeka. Mitima ikatentha, kupuma kwa mphindi zochepa kumaziziritsa msanga kuposa kumenya tebulo. Ndipo maganizo athu a ife otsogolera tiwasunge mpaka kumapeto, chifukwa wapampando akayamba ndiye kunena chimene afuna, ena onse amangotsata.

Makolo, msonkhano woyamba umene mwana amauona ndi wa m'nyumba mwathu. Tikamufunsa chifukwa chake wabwera usiku, kapena chimene afuna kudzachita akatha sukulu, kodi timampatsa mpata woyankha, kapena timafunsa ndi kuweruza nthawi imodzi? Mwana amene amadulidwa mau masiku onse amaleka kulankhula, ndipo za mumtima mwake timadzazimva kwa anthu ena zinthu zitaonongeka kale. Inunso achinyamata amene mwapatsidwa mpando m'magulu anu, musayese kuti chete ndi chizindikiro chakuti mwalephera kuyendetsa msonkhano.

Akale anati kuona maso a nkhono nkudekha. Nkhono ukaigogoda imabwerera m'chigoba, koma ukaileka imatulutsa yokha mutu. Pa msonkhano umene ukubwerawu tiyese kudikira masekondi asanu aja, ndipo tione amene adzaimirire.