NANGA ADZAKUIMBIRA NDANI?

Mwezi wathawu kunyumba kwanga kunafika mnyamata wina amene ndinamphunzitsa sayansi m'Fomu 4 zaka zisanu zapitazo. Titalonjerana ndi kufunsana za kumudzi, iye anakhala duu kwa kanthaŵi, kenaka anati: "Aphunzitsi, ine ndinaleka kupemphera. Sindinayambane ndi munthu aliyense ku tchalitchi, kungoti zimene ndinkavomera kale mtima wanga sukuzivomeranso. Nditaŵauza amai, iwo sanandikalipire. Anangondifunsa kuti, 'Nanga mwana wanga, tsiku lako likadzakwana adzakuimbira ndani?' Funso limeneli landisoŵetsa tulo koposa maulaliki onse amene ndinamvapo."

Aŵerengi, funso la mai ameneyu ndilo mutu wa nkhani yathu lero. Mkangano wakuti Mulungu alipo kapena palibe tiusiye kaye, pakuti ndi wakale kuposa ife tonse ndipo sungathere m'kadanga aka. Ife tifunse chinthu chapafupi: munthu amene waleka kupembedza, m'dziko limene pafupifupi aliyense amapembedza, anzake angaŵapeze kuti?

Tiyambe ndi chiŵerengero. Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti m'Malaŵi muno tinalimo anthu oposa 17.5 miliyoni. Mwa anthu 100 alionse, 77 anati ndi Akhristu, 14 anati ndi Asilamu, ndipo aŵiri okha ndiwo anati alibe chipembedzo. Aŵiri pa 100 ndi ochepa ndithu, komabe tikaŵasonkhanitsa pamodzi akupitirira 350,000, kuposa anthu onse amene anaŵerengedwa mumzinda wa Mzuzu chaka chomwecho. Si onse amene amakana kuti kuli Mulungu. Ena anangotopa ndi mipingo, ena akali kusinkhasinkha. Vuto lao ndi lakuti ndi omwazikana, wina ku Karonga, wina ku Nsanje, ndipo aliyense amayesa kuti ali yekha.

Kumbali ya malamulo munthu wotere ndi wotetezedwa. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino, amene anakhazikitsidwa mu 1994, limapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima, wa chipembedzo, wa chikhulupiriro ndi wa maganizo. Koma lamulo siliphika nsima pamaliro. Kwa ife mpingo suthera pa ulaliki wa Lamulungu kapena wa Lachisanu. Ukadwala, a kumphakati kapena a kumlaga amabwera kudzakuzonda. Ukaferedwa, amai a Mvano kapena a Dorika amagona pansi m'siŵa, kuimba mpaka tambala woyamba. Mnyamata wongomaliza sukulu akapita ku tauni kukafuna ntchito, kaŵirikaŵiri amayamba wapeza malo ogona kudzera mwa mnzake wa kwaya. Tsono munthu akatuluka mumpingo chifukwa cha maganizo ake, amasiya pamodzi chiphunzitso, omzonda, omlira ndi omuunikira njira. Mai a mnyamata uja anadziŵa zimenezi popanda kuŵerenga buku lililonse.

Chodabwitsa nchakuti kumudzi, kumene ambiri amati nkovuta kwa wokayika, kuli chitetezo china chimene m'tauni mulibe. Mudzi ndi wakale kuposa mipingo yonse imene ilimo. Mfumu ikalengeza zovuta, adzukulu amatenga makasu kupita kumanda osafunsa khadi la ubatizo. Ankhoswe amamanga ukwati pamaso pa mabanja aŵiri popanda mbusa kapena shehe. Wosapembedza angathe kunyozedwa kuti ndi wakunja, koma ngati amapita kumaliro a anzake, ngati amasenza nao bokosi ndi kupereka chipepeso, mudzi sumtaya. Maliro nkulirana. M'tauni zinthu zili mwina: m'malokeshoni ambiri ntchito zimene mudzi unkachita zatsala m'manja mwa mipingo, motero wosapembedza amapeza ufulu wochuluka koma amasoŵa pomwera madzi tsiku la tsoka.

Nchifukwa chake anthu otere anayamba kufunana. Bungwe limene linadziŵika kwambiri ndi la Association for Secular Humanism, limene likulu lake linali ku Lilongwe motsogozedwa ndi Bambo George Thindwa. Chiphunzitso chao, m'mau apafupi, nchakuti munthu angathe kukhala waumunthu, wachilungamo ndi wachifundo podalira nzeru ndi umboni, popanda kutsamira pa chipembedzo. Pambuyo pake panabweranso gulu la Humanists Malawi. Koma chimene chinadziŵikitsa anthu ameneŵa kwa Amalaŵi wamba ndi ntchito imene anasankha kugwira, ndipo apa mpamene pagona phunziro.

Lamulo la za ufiti la 1911, limene tinatengera kwa atsamunda, limaletsa kumwetsa mwabvi, limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, ndiponso limaletsa munthu kudzitcha mfiti. Koma cha m'ma 2010 ndi 2011 kunapezeka kuti m'ndende zathu munali anthu makumi angapo, ambiri mwa iwo okalamba, amene anamangidwa pa milandu ya ufiti. Nkhani zao zinkafanana: ana anena kuti agogo akutiakuti amaŵatenga usiku, mudzi ukwiya, agogowo avomera chifukwa cha mantha, ndipo khoti liŵapeza olakwa pa mau ao omwe. Olozera chala, amene lamulo linkafuna kuŵaletsa, ankabwerera kunyumba mwamtendere. Bambo Thindwa ndi anzao anayendera ndendezo, analemba maina, anadandaulira boma, ndipo analipira chindapusa cha ena mpaka anatuluka. Mu 2012 iwo pamodzi ndi Dr Charles Chilimampunga a ku Chancellor College anatulutsa lipoti la nkhanza zochitikira ana, amai ndi okalamba chifukwa cha chikhulupiriro cha ufiti, mothandizidwa ndi ofesi ya kazembe wa dziko la Norway.

Amene angayese kuti nkhaniyi ndi yamaseŵera akumbuke za ku Neno. Mu Januwale 2016 anthu anayi okalamba anaphedwa ndi khamu la anthu mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Mphunzitsi aliyense wa sayansi amadziŵa kufotokoza mmene mphenzi imapangikira m'mitambo, koma tsiku limenelo nzeru za m'kalasi sizinafike pabwalo. Pa nkhondo yoteteza okalamba, osapembedza anapezeka ataima mbali imodzi ndi abusa, ansembe ndi mabungwe ena amene naonso amadzudzula kupha koteroko. Agogo amene anatuluka m'ndende, ambiri mwa iwo anali opemphera. Amene anaŵaombola sanaŵafunse za chikhulupiriro chao, ndipo iwo sanafunse za chikhulupiriro cha oŵaombola.

Tikasuzumira kunja kwa malire athu tiona kuti ludzu limeneli la kupeza anzako lili ponseponse, ngakhale mtengo wake umasiyana. Ku London, mu 2013, anthu aŵiri anayambitsa msonkhano wotchedwa Sunday Assembly, kumene osapembedza amakumana Lamulungu kuimba, kumvera nkhani ndi kumwa tiyi pamodzi. Kumeneko palibe amene amaŵaopseza. Chimene ankasoŵa ndi chiyanjano chokha. Ku Nigeria mtengo wake unali woŵaŵa. Mubarak Bala, mtsogoleri wa bungwe la osapembedza m'dzikomo, anagwidwa mu 2020 chifukwa cha zimene analemba pa Facebook, ndipo mu 2022 khoti la ku Kano linamlamula kukhala m'ndende zaka 24. Mu 2024 khoti la apilo linachepetsa chilangocho kufika pa zaka 5, ndipo pambuyo pake anatulutsidwa. Pa zaka zonsezo, amene sanatope kumtchula dzina ndi kumpezera maloya anali anzake a maganizo ofanana. Kali kokha nkanyama.

Tsono kwa inu achinyamata amene mwangotsiriza sukulu, ndipo mumtima mwanu muli mafunso amene simunauzepo munthu, ndili ndi mau atatu. Choyamba, kupeza anzanu pa lamya ya m'manja nkwabwino, koma gulu limene ntchito yake ndi kuseka opemphera usiku wonse silidzakusenzerani bokosi. Funani anthu amene mungakumane nao maso ndi maso, kusonkha nao kathumba ka matenda ndi maliro monga amachitira a banki mkhonde, ndi kugwira nao ntchito yooneka. Chachiŵiri, musathaŵe miyambo ya abale anu. Kukhala pansi mwaulemu pamene ena akupemphera pamaliro si chinyengo. Mwabwera kudzalira, ndipo ofedwa akufuna nkhope yanu. Chachitatu, musafulumire kulengeza maganizo anu kwa amene akukulipirirani fizi kapena kukusungani, kufikira mutadziŵa kuti mau anu adzagwera pati. Kudekha sikutanthauza mantha.

Kwa ife aphunzitsi anzanga udindo ndi wolemera koposa. M'sukulu zathu tsiku limayamba ndi pemphero, ndipo madzulo a SCOM ndi a YCS amakhala ndi zipinda zao zokumaniramo. Zimenezi zilibe vuto. Koma mwana amene wafunsa kuti, "Kodi tikudziŵa bwanji?" alibe chipinda, ndipo nthaŵi zambiri timamyankha ndi diso loopseza. M'maŵa timamuuza mu labotale kuti asavomere kanthu popanda umboni, masana timamtcha wamwano chifukwa wachita zomwezo. Sindikunena kuti tichotse ana m'mipingo. Imeneyo si ntchito yathu. Ntchito yathu ndi kuonetsetsa kuti wofunsa asasekedwe, ndi kuti wopemphera ndi wokayika aphunzire kutsutsana m'kalabu ya mtsutso kenaka nkukadyera mbale imodzi. Mwana amene waphunzira kufunsa umboni sadzatola mwala tsiku limene mudzi waloza chala nkhalamba.

Mnyamata uja ndinamperekeza mpaka pa siteji ya basi. Ndinamfunsa ngati anapita kumaliro a atsibweni ake amene ndinamva kuti anatisiya chaka chatha. Iye anati anapita, anagona panja ndi amuna anzake masiku aŵiri, ndipo anathandiza adzukulu kukwirira. Ndinamuuza kuti akaŵakumbutse amai ake zimenezo. Za nyimbo sindinathe kumlonjeza kanthu, koma anthu amene anamuona atagwira fosholo tsiku lija sadzasoŵa pakhomo pake.

Sabata lamaŵa tidzaona za ukwati wa anthu aŵiri osiyana zikhulupiriro, ndi zimene ankhoswe amachita pamene mipingo yakana.