NYUZI ZAKALE ZA OIMBA A ZAMROCK ZAUTSA MTSUTSO M'CHAINDA

M'komboni ya Chainda, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka pafupi ndi Chelston, nyimbo za Zamrock zimene zinagwedeza dziko lino m'zaka za m'ma 1970 zayambanso kumveka. Acinyamata azimvetsera pa lamya za m'manja, ndipo ena afunafuna zimene manyuzipepala a masiku aja analemba za oimbawo ndi za atsikana amene anali kuwatsatira ku magule. Koma akulu ndi ana sagwirizana pa tanthauzo la zolembedwazo.

Zamrock inabadwa pamene anyamata a ku Migodi ndi a mu Lusaka anasakaniza kulira kwa magitala a magetsi ndi kamvekedwe ka ng'oma za kwathu. Gulu la WITCH linayambira ku Kitwe, ndipo woimba wake wamkulu, a Emmanuel Chanda, anapatsidwa dzina lakuti Jagari cifukwa ca kubvina monga Mick Jagger wa ku England. Mu 1975 gululi linatulutsa mbale ya Lazy Bones, ndipo mu 1976 a Paul Ngozi ndi gulu lao la Ngozi Family anatulutsa Day of Judgement. Pamene Mtsogoleri wa dziko, a Kenneth Kaunda, analamula kuti nyimbo zambiri za pa wailesi zikhale za m'Zambia, oimbawa anadziwika mpaka ku midzi.

Wowerenga Times of Zambia kapena Zambia Daily Mail ya nthawiyo apeza maina ndi zithunzi za oimba. Atsikana a m'tauni amene anali kupita ku magule apezeka makamaka m'makalata opita kwa mkonzi, alibe maina, ndipo adzudzulidwa cifukwa ca madiresi aafupi, mawigi ndi mafuta oyeretsa khungu. Mai Ilsa Schuster, amene anafufuza za moyo wa akazi a mu Lusaka, anaonetsa m'buku lao la mu 1979, New Women of Lusaka, m'mene akazi acitsikana anali kusenzetsedwa mlandu wa kuonongeka kwa makhalidwe m'tauni.

Akulu ena akuti alembi aja ananena zoona, pakuti anacenjeza dziko tsoka lisanafike. Anyamata ena aziwerenga ndi kaduka, poganiza kuti moyo wa woimba unali wa cisangalalo ndi akazi okha-okha. Onsewa aiwala kufunsa kuti wolembayo anali yani. Atola nkhani ambiri anali amuna, analemba m'Cingelezi, ndipo kuyambira mu December 1972 dziko linali pansi pa cipani cimodzi ca UNIP. Daily Mail inali ya Boma, ndipo mu 1975 a Kaunda analengeza kuti Times nayonso idzakhala m'manja mwa Cipani. Motero nyuzizo zinanena maganizo a amuna a m'maofesi, ndipo mtsikana wa m'komboni analibe poyankhira.

Zimene zinagwetsa Zamrock zidziwika bwino. Mtengo wa mkuwa unatsika kwambiri mu 1975, ndipo ndalama zogulira mbale zinacepa m'matumba. Mu October 1978 ndeke za ku Rhodesia zinaponya mabomba pa Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndipo lamulo lozimitsa magetsi ndi loletsa kuyenda usiku linatseka magule. Nyimbo za disko nazo zinalanda oimba nchito. Pambuyo pake kunadza matenda a Edzi, amene sanasankhe woimba kapena womvera, wolemera kapena wosauka. A Kaunda eni ake anaulula mu 1987 kuti mwana wao Masuzyo anafa ndi matendawa.

Oimba ambiri anamwalira m'zaka zimenezo ndipo dziko linawalira ndi maina ao. A Paul Ngozi anatisiya mu 1989, ndipo msewu wina m'Kabwata uli ndi dzina lao. Akazi amene anapita ndi mliri womwewo anaikidwa popanda mzere ngakhale umodzi m'nyuzi. Komatu iwo pamodzi ndi anzao acimuna ndiwo anali kulipira pa khomo ndi kugula mbale zija. Ena mwa akazi, monga a Violet Kafula ndi a Anna Mwale, anali oimba enieni.

Tsopano mbiri ya Zamrock ilembedwanso ku maiko akutali. Kampani ya Now-Again ya ku America inasindikizanso nyimbo za WITCH mu 2012, kanema wa gululi anaonetsedwa mu 2019, ndipo mu 2024 Tyler, the Creator anaika mau a Paul Ngozi m'nyimbo yake. Olemba mbiriyi adalira nyuzi zakale ndi amuna ocepa amene anatsala. Ngati palibe wofunsa akazi, adzukulu adzalandira mbali imodzi yokha ya mlandu.

Atsikana a mu 1975 lero ndi agogo. Ena akali m'Chainda, Matero ndi Chawama, ndipo ena anabwerera ku midzi ya ku Katete, Petauke ndi Chipata. Nyuzi zakale zisungidwa ku National Archives mu Lusaka ndipo zikhoza kudikira, koma agogo sadzadikira nthawi zonse. Wokonda nyimbozi akhale pansi mwaulemu, awafunse ambuye ake kuti analowa bwanji m'gule, anabvala ciani, ndipo makolo anati ciani atabwerako. Akale anati mau a akulu akoma akagonera, ndipo a amai awa agonera zaka 50.